George Washington Carver, Wociritsa Nthaka

Abale, mwezi uno tikumbuke George Washington Carver, munthu wakuda wa ku Amereka. Anabadwira mu ukapolo ku Missouri. Akali khanda, acifwamba anamuba pamodzi ndi amace. Mwanayo anapezeka, koma amace sanaonekenso. Atakula, sukulu yina yaikuru inamkana cifukwa ca khungu lace. Iye sanaleka, nalowa sukulu ya ulimi ku Iowa, natsiriza mu 1894. Nakhalanso komweko zaka ziwiri alikusanthula matenda a zomera, nalandira digiri ya Master mu 1896.

Caka comweco Booker T. Washington anamuitana ku Tuskegee, kumene thonje linagugitsa minda. Carver anaphunzitsa alimi aumphawi kubzala mtedza ndi khobwe posinthana ndi thonje. Pakuti m'timfundo ta pa mizu yace, timene tonse tationa pozula mtedza, mukhala tizirombo tosaoneka, takutenga naitrojeni mumpweya ndi kulemeretsa nthaka. Ndipo kuti alimi asasowe cocita nao mtedzawo, anauyesa m'nyumba yace yoyesera zinthu, imene zipangizo zace zoyamba anazitola kudzala, nalemba mu 1916 njira 105 za kuukonza ukhale cakudya.

Anamwalira pa 5 January 1943, atapereka ndalama zimene anasunga kuti nchitoyo isafe.