Francisco de Goya, Mmisiri Wojambula Nkhondo ndi Njala

Francisco de Goya anabadwa pa 30 Malichi 1746 m'mudzi wa Fuendetodos, pafupi ndi mzinda wa Zaragoza ku Spain. Atate ake anali mmisiri wokuta maguwa ndi golide. Mu 1772 mnyamatayo anajambula kudenga kwa tchalitchi cha Amayi Maria cha Pilar, ndipo mu 1789 mfumu Carlos IV inamtenga kukhala wojambula wake.

Chakumapeto kwa 1792 anadwala kwakayakaya, nachira ali gonthi mpaka imfa yake. Kuyambira pomwepo anaika mtima pa zithunzi zosindikiza. Ankapaka phula pa chitsulo chamkuwa chophwatalala, nalembapo ndi singano, nachiviika mu asidi amene amadya mkuwa m'mizere yokhayo. Atathiramo inki ankapsinjapo pepala. Mu 1799 anatulutsa zithunzi 80 zotchedwa Los Caprichos. M'menemo muli mfiti zouluka usiku, akadzidzi, mileme, ndi abulu ochita uphunzitsi ndi udokotala. Ngakhale amonke aulesi ndi adyera sanawaleke, ndipo n'zachisoni kuti sanali kunama monse.

Mu 1808 asilikali a Napoleon analanda Spain, ndipo nkhondo inakhala mpaka 1814. Goya anazokota zithunzi 82 za masautso ake, Los Desastres de la Guerra. Sanakometse nkhondo, sanakonderenso a kwawo: Mfalansa ndi Msipanishi yemwe akuoneka akupha mopanda chifundo. Pali mitembo yopachikidwa pamitengo, pali mayi wobaya msilikali ndi mkondo mwana ali m'khwapa.

Koma zolasa mtima koposa ndi za njala imene inagwa ku Madrid mu 1811 ndi 1812. Anthu otsala mafupa okhaokha agona m'mbali mwa njira, olemera akudutsa osacheuka. Pa china amuna atatu anyamula mtembo wa mayi, kamtsikana kake kakutsatira pambuyo kakulira. Aliyense wa ku Naisi kapena ku Domasi amene anamva kwa makolo ake za njala ya 1949 sangafune womumasulira chithunzi chimenechi. Goya sanazionetse poyera; zinasindikizidwa mu 1863, patapita zaka 35 iye atamwalira.

Ena amamuyesa mdani wa Eklezia. Koma mu 1819, ali ndi zaka 73, anajambulira ansembe a chipani cha Piarist Ukaristia wotsiriza wa Yosefe Calasanz Woyera, nkhalamba yofooka itagwada mumdima. Anabweza gawo la malipiro ake, nawapatsanso mwaulere chithunzi cha Ambuye Yesu akuzunzika m'munda wa Getsemani.

Mu 1824 anasamukira ku Bordeaux ku France, kumene anamwalira pa 16 Epulo 1828. Pofukula mafupa ake kuti apite nawo kwawo, chibade cha mutu sichinapezeke. Otsalawo anaikidwa mu 1919 m'katchalitchi ka San Antonio de la Florida ku Madrid, pansi pa denga limene iye mwini analijambula mu 1798.