Kamuzu: Suti ndi wilisoni adazitenga kuti?

Akuluakulu amene adapitako kumisonkhano ya Dr Hastings Kamuzu Banda, kaya ndi pa Dedza m'chisanu cha June kaya ku Nsanje m'dzuwa la October, amakumbuka kuti mkuluyu sankasintha kavalidwe. Suti yakuda, tayi, chipewa cha wilisoni, ndodo ndi litchowa. Litchowalo n'lathu lomwe. Koma suti ndi chipewa zidali ngati yunifomu ya gulu lina la anthu a ku Mangalande, gulu limene Kamuzu adalowamo ndi thukuta lake.

Kuyambira kale anthu a ku Britain amadzigawa patatu. Pamwamba pali a kubanja lachifumu ndi eni minda ikuluikulu, amene ulemu wawo ndi wobadwa nawo ndipo ana awo amaphunzira kusukulu zodula ngati Eton. Pansi pali ogwira ntchito zamanja m'migodi, m'mafakitale ndi m'madoko. Pakati ndiye pali madotolo, maloya, abusa ndi aphunzitsi. Chodabwitsa n'chakuti ndalama pazokha sizisuntha munthu. Mmisiri wa mapaipi atha kulemera kuposa mphunzitsi, komabe akangoyasamula, anzake amadziwa gulu lake. Chimene amayang'ana ndi ntchito, sukulu imene munthu adaphunzirako, katchulidwe ka Chingerezi, dera limene akukhala ndi momwe amadzisungira pagulu.

Kamuzu adayambira kutali ndi zonsezi. Adabadwira ku Kasungu, ndipo ngakhale boma linkakondwerera 14 May 1906, olemba mbiri ambiri amati adabadwa cha m'ma 1898. Sukulu adayambira ku Mtunthama asadapite ku Chilanga. Cha m'ma 1915 adamutulutsa m'mayeso a uphunzitsi pomuganizira kuti akuonera, pamene iye, poti adali wamfupi, adaimirira kuti aone bwino pabolodi. Woyang'anira mayesowo adali mmishonale T. Cullen Young, yemwe mu 1946 adadzatulutsa buku limodzi ndi mnyamata yemweyo.

Atachoka kumudzi wapansi, adakasesa m'chipatala ku Hartley, komwe lero ndi ku Chegutu m'dziko la Zimbabwe, kenako adakagwira ntchito pamgodi ku Johannesburg. Mu 1925 mpingo wa AME udamuthandiza kupita ku America. Adatenga digiri ku Chicago mu 1931, ya udotolo ku Meharry mu 1937, ndipo mu 1941 adapata mapepala a ku Edinburgh omulola kuchiza anthu m'maiko olamulidwa ndi Britain.

Apa m'pamene padali phunzo. Kamuzu ankafuna kudzagwira ntchito kwawo. Koma malinga ndi olemba mbiri yake, anamwino achizungu ku Livingstonia adakana kugwira ntchito pansi pa dotolo wakuda, ndipo boma la atsamunda ku Zomba lidafuna kuti avomere kusacheza ndi madotolo achizungu akaweruka. Ku Nyasaland khungu ndilo linkagamula gulu la munthu, mapepala adali kumbuyo.

Ku Mangalande zidayenda mwina. Adachiza amphawi ku Liverpool, adakagwira ntchito ku North Shields m'nthawi ya nkhondo, ndipo mu 1945 adatsegula chipatala chake ku Harlesden mumzinda wa London. Odwala ake adali zikwi zingapo, ambiri mwa iwo azungu a ntchito zamanja, ndipo akuti iye akamalowa, odikira pabenchi ankaimirira. Adali ndi nyumba ku Brondesbury Park, galimoto, ukulu wa mpingo wa Church of Scotland komanso khadi la chipani cha Labour. Ankalipirira fizi ophunzira a ku Africa, ndipo pakhomo pake pankafika anthu ngati Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta. Kusankhana mitundu kudalipo ndithu ku London, koma wosesa wa ku Hartley uja adali atakhala bwana pakati pa eni dziko.

Gulu lapakatili lili ndi lamulo lake lolimba: mbiri ya munthu isade. Dzina la Kamuzu litatchulidwa pamlandu wothetsa banja la mlembi wake, Mayi French, ulemu uja udagwedezeka. Mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa, adasamukira ku Kumasi m'dziko limene lero ndi Ghana.

Pomwe ankatera pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, wina n'kumamasulira. Ntchitoyi adaigwirapo John Msonthi, kenako John Tembo wa ku Dedza, yemwe adaphunzitsapo pa Dedza Secondary School. Sukuluyi, yotchuka ndi dzina loti Box 48, idatsegulidwa mu 1951, ndipo ndi imodzi mwa zochepa zimene zinkasula Amalawi a tayi: akalaliki, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'boma.

Munthu angaganize kuti dotolo wa ku Harlesden akadagwirizana ndi ophunzirawa. Ayi ndithu. Atatuluka kundende ya Gwelo mu 1960 n'kutsogolera dziko ku ufulu pa 6 July 1964, sipadathe miyezi itatu asadakangane ndi nduna zake monga Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa, zomwe ankazitcha anyamata ake pagulu. Zina mwa zimene adasiyanirana ndi malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kuwapatsa mipando ya azungu, ndi tiki imene odwala ankalipira kuchipatala. Ogwira ntchito m'boma ambiri ku Zomba adaima ndi ndunazo, ndipo Kamuzu sadaiwale. Ophunzira ambiri adathawira kunja, ena adakafota m'ndende popanda mlandu.

M'malo mwake adaumba gulu lake lomudalira. Nduna ndi akuluakulu a chipani ankapeza ngongole zotsegulira maesiteti, pamene lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Mlimiyo ankagulitsa mbewu zake ku Admarc pamtengo wogamulidwa ndi boma, ndipo ambiri adasanduka matenanti. Ulemu wa ku London uja adauika m'malamulo: kuyambira 1973 amayi adaletsedwa mabuluku ndi masiketi aafupi, abambo adaletsedwa tsitsi lalitali.

Koma maloto ake enieni adawamanga ku Mtunthama. Kamuzu Academy idatsegulidwa mu 1981 potengera Eton, ndi aphunzitsi achizungu, Chilatini ndi Chigiriki. Apa tiyenera kumupatsa ulemu wake. Ku Eton khomo limatsegulidwa ndi chuma cha makolo, pamene ku Mtunthama ana ankasankhidwa m'boma lililonse malinga ndi nzeru, osalipira kanthu. Mwana wa mlimi wa kachewere ku Bembeke akadatha kukhala desiki imodzi ndi mwana wa nduna. Vuto lidali kuchepa kwa khomolo. Ana mazana ochepa ankadyera pafoloko pamene anzawo miyandamiyanda ankakhala pafumbi, ena osapita n'komwe chifukwa cha fizi ya kupulaimale, imene idadzathetsedwa mu 1994.

Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri pa 14 June 1993, ndipo pa 17 May 1994 Kamuzu adagonja kwa Bakili Muluzi. Adamwalira pa 25 November 1997 m'chipatala ku Johannesburg, mzinda womwe adagwirako ntchito yapamgodi ali mnyamata. Thumba lake litauma, sukulu ya ku Mtunthama idayamba kulipiritsa, ndipo malo ambiri adapita kwa ana a makolo otha kulipira.