John Chilembwe: mphunzitsi yemwe sukulu zake zidaopsa eni minda

Pa 15 January chaka chilichonse, Amalawi amakumbukira Mbusa John Chilembwe monga mtsogoleri wa kuukira atsamunda kwa mu 1915. Koma nkhondoyo isadabuke, mkuluyu adatha zaka pafupifupi 15 akulimbana ndi funso lomwe likuzunguzabe okonza maphunziro lero: mwana aziphunzira chiyani kusukulu, kuti adzakhale munthu wotani?

Chilembwe adabadwira m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 adayamba ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, yemwe mu 1897 adapita naye ku America. Kumeneko adaphunzira pasukulu ya zaubusa ya anthu akuda mumzinda wa Lynchburg ku Virginia. Atabwerera kumudzi mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, mothandizidwa ndi mpingo wa National Baptist Convention, womwe udamutumizira Landon Cheek ndi Emma DeLany.

Maphunziro a pa PIM adali amiyendo iwiri. Ophunzira ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Chingerezi, kwinaku akugwira ntchito zamanja monga ulimi. DeLany ndi mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Pofika 1912, sukuluzi zidali ndi ana pafupifupi 1 000 komanso akuluakulu 800.

Kuluka maphunziro motere kudali ndi tanthauzo lakuya. Munthu wodziwa masamu amawerengetsa yekha malipiro ake n'kuona pomwe wapunjidwa. Wodziwiwerengera Baibulo amayerekeza zomwe lalemba ndi zochita za bwana wake. Wodziwa Chingerezi amamva zomwe boma likukamba za iye, ndipo akhoza kuliyankha. Ndi mmene Chilembwe mwiniwake adachitira mu November 1914, pomwe adalembera nyuzi ya Nyasaland Times kutsutsa zotumiza anthu akuda kukafera nkhondo ya Azungu.

Eni minda adaliona msanga vutoli. Kampani ya A.L. Bruce, yomwe idali ndi minda ku Magomero komanso ku Likulezi m'munsi mwa phiri la Mulanje, inkadalira thangata, ntchito yomwe anthu ankagwira m'malo mwa lendi. Ambiri mwa anthuwo adali Alhomwe ochokera ku Mozambique. Kampaniyi sinkafuna sukulu pamalo pake, ndipo woyang'anira munda wa Magomero, William Jervis Livingstone, adatenthetsa nyumba zomwe anthu a PIM ankapemphereramo ndi kuphunziriramo.

Kuukira kudayamba usiku wa pa 23 January 1915, Livingstone adaphedwa, koma zinthu sizidayende. Pa 3 February asilikali adawombera Chilembwe akuthawira ku Mozambique, m'boma la Mulanje lomwe nthawiyo linkaphatikizapo Phalombe wa lero. Boma lidagumula tchalitchi cha ku Mbombwe n'kutseka mishoniyo.

Komatu mbewu idali itagwa kale m'nthaka. Daniel Malekebu, yemwe adaphunzitsidwa ndi DeLany, adakaphunzira udokotala ku America ndipo adadzatsegulanso PIM mu 1926.

Lero mwana wa ku Migowi kapena ku Chiringa akhoza kuloweza masiku onsewa n'kukhoza mayeso. Mphunzitsi wofuna kulemekeza Chilembwe apitirire apo, amufunse mwanayo chifukwa chomwe mwini munda ankaopera sukulu yofolera ndi udzu, ndipo amupatse mpata woti apeze yekha yankho.