Mfumu Moshoeshoe ya Abasotho

Moshoeshoe anabadwa cha m'ma 1786 m'dziko limene lero limatchedwa Lesotho. M'chaka cha 1824, nkhondo zitavuta, iye anasamutsira anthu ake paphiri la Thaba Bosiu. Kumeneko analandira mitundu yambiri yothaŵa nkhondo, ndipo analola mafumu awo kupitiriza kuweruza milandu ya anthu awo. Amphaŵi ankaŵabwereketsa ng'ombe zake kuti aziŵeta ndi kumamwa mkaka. Pakagwa nkhani yaikulu, ankaitanitsa msonkhano wotchedwa pitso. Pamsonkhanopo amuna ankalankhula mosaopa, mfumu ili chete kumvetsera, pakuti inkadziŵa kuti mutu umodzi susenza denga. Moshoeshoe anamwalira m'chaka cha 1870, koma mtundu umene anaumanga ulipobe mpaka lero.