Chopin ndi Nyimbo ya Dziko la Kwawo

Frédéric Chopin anabadwa m'chaka cha 1810 m'mudzi wa Żelazowa Wola, pafupi ndi mzinda wa Warsaw, m'dziko la Poland. Atate wake anali mphunzitsi wochokera ku France. Amake anali mbadwa ya ku Poland, ndipo ankadziwa kuimba piyano. Piyano ndi limba lalikulu lokhala ndi nsambo zambiri m'kati mwake, ndipo munthu aliimba ndi zala za manja onse awiri. Mwanayo analikonda msanga, napeka nyimbo yake yoyamba ali ndi zaka 7 zokha.

Masiku amenewo mzinda wa Warsaw unali pansi pa mfumu ya ku Russia. M'mwezi wa November 1830 Chopin anatsazika makolo ake, nanka ku maiko ena kukamveketsa nyimbo zake. Mwezi womwewo usanathe, anthu a kwawo anaukira mfumu ija kuti adziombole. Mnzake amene anali naye paulendo anabwerera kukagwira mfuti, koma Chopin anatsala ku Vienna, mtima uli m'mwamba.

M'mwezi wa September 1831, ali ku Stuttgart, anamva kuti asilikali a ku Russia alanda Warsaw. Sanadziwe ngati amake ndi alongo ake ali moyo. Chisoni chinamgwira pamodzi ndi mkwiyo, ndiponso anadzida yekha chifukwa analibe chowachitira abale ake.

Pa nyengo imeneyo iye analikupeka nyimbo zotchedwa Étude, ndiko kuti nyimbo zozoloweza zala za wophunzira. Zinasindikizidwa 12 pamodzi m'chaka cha 1833, ndipo yotsiriza mwa izo anthu anaitcha Nyimbo ya Chipanduko, ngakhale mwini wake sanaipatse dzinali. Ili yaifupi, yosafika mphindi 3, ndipo ilibe mawu. Iyamba ndi kulira kumodzi kwakukulu; pomwepo dzanja lamanzere lithamanga kutsika ndi kukwera osapuma, monga madzi a mtsinje wosefukira. Pamwamba pake dzanja lamanja lifuula pang'ono, lileka, lifuulanso, monga munthu woitana abale ake ali tsidya lina. Chakumapeto nyimboyo izizira ngati mtima wakhazikika, koma mwadzidzidzi igwa ndi mphamvu, nitha womvera asanapeze mpumulo. Chotero m'nyimbo yophunzitsa zala anthu amvamo kulira kwa munthu amene kwawo kwapasuka iye ali kutali.

Chopin anakhazikika ku Paris, kumene anaphunzitsa piyano ndi kupeka nyimbo zambiri, zina zotsata magule a kwawo otchedwa mazurka ndi polonaise. Ku Poland sanabwererenso. Anadwala chifuwa zaka zambiri, namwalira pa 17 October 1849 ali ndi zaka 39. Thupi lake linaikidwa ku Paris, koma mlongo wake Ludwika anatenga mtima wake, monga mwini anapempha, napita nawo ku Warsaw, kumene usungidwa m'chipilala cha tchalitchi cha Mtanda Woyera kufikira lero.

Mfuti Chopin sanaigwire, koma anatumikira dziko lake ndi luso limene anali nalo. Chifukwa cha nyimbo zake, anthu a mitundu yambiri, osadziwa chinenero cha ku Poland, amva chisoni cha dzikolo ngati chawo chomwe.