Wodala Niels Stensen, Episkopi Amene Anafufuza Kakulidwe ka Miyala

Niels Stensen anabadwa m'chaka cha 1638 mu mzinda wa Copenhagen, m'dziko la Denmark. Atate ake anali wosula golide, ndipo banja lawo linali la mpingo wa Lutheran. Atakula anaphunzira za thupi la munthu, natchuka akali mnyamata pamene anatulukira, mu 1660, kanjira kamene malovu amadzera polowa m'kamwa.

Mu 1666 anapita ku Italy, nakhazikika ku Florence. Chaka chomwecho anaona mdipiti wa Ukaristia mu mzinda wa Livorno, ndipo mtima wake unasowa mtendere, pakuti anafuna kudziwa ngati khamu lonselo linkagwadira mkate wamba kapena Ambuye eni ake. Atawerenga Malembo Oyera ndi mabuku a Akhristu oyamba, analowa Eklezia Katolika mu Novembala 1667.

Masiku omwewo ankafufuzanso miyala ya m'mapiri a Tuscany, makamaka krustalo, ndiye mwala wonyezimira wa mtundu wa nsangalabwi. Ambiri ankayesa kuti mwala wotere umamera m'nthaka monga mbewu. Koma Stensen, m'buku lake la mu 1669, anaphunzitsa kuti krustalo amaumbika m'madzi, ndipo amakula pamene tinthu tosaoneka tochokera m'madzimo timamatira kunja kwake, mbali ndi mbali. Anaonanso kuti ngakhale miyalayi isiyane kukula, ngodya zimene mbali zake zimakumanirana sizisintha.

Tinthu tija iye sanatione ndi maso, koma akatswiri a pambuyo pake anatipeza, natitcha maatomu. Golide kapena platinamu akasungunulidwa ndi mankhwala, maatomu ake amagundana m'madzi nasonkhana kukhala kanjere. Tinjere tochepetsetsa timasungunukanso, koma kamene kafika pa msinkhu wokwanira kamalimba, ndipo maatomu ena amadzakhala pa mbali zake m'mizere yolongosoka. Makrustalo otere ndi aang'ono ndithu, kotero kuti chikwi chimodzi atandandalikidwa sangafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mu 2009, ku Berkeley m'dziko la America, akatswiri anaonerera ndi makina amphamvu makrustalo a platinamu alikukula m'mankhwala amadzimadzi: ena polandira maatomu pang'onopang'ono, ena pophatikizana awiri kukhala mmodzi. Patapita zaka 340, maso a anthu anaona kakulidwe kamene Stensen anafotokoza.

Tsono pamene mbiri yake inali kumveka m'maiko ambiri, iye anasiya zofufuza zija nadzipereka kutumikira mizimu ya anthu. Anadzozedwa unsembe mu 1675, ndipo mu 1677 anakhala episkopi, natumidwa kumpoto kwa Germany kumene Akatolika anali owerengeka. Anagwira ntchito ku Hanover, Münster, Hamburg ndi Schwerin. Ankasala kudya kawirikawiri ndi kuvala zosauka, ndipo anagulitsa mphete ndi mtanda wake wa uepiskopi kuti athandize amphawi.

Anamwalira ku Schwerin mu 1686, ali ndi zaka 48, ndipo thupi lake linaikidwa m'tchalitchi cha San Lorenzo ku Florence. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamutcha Wodala pa 23 Okutobala 1988. Akatekisiti ndi aphunzitsi onse amupemphe kuti awapempherere, pakuti iye sanaphunzitse kanthu asanakafufuze bwino, ndipo atadziwa choona anachitsata ngakhale chinamutayitsa ulemu ndi chuma.