José Rizal: dokotala wa maso amene anatsegula sukulu ali wopirikitsidwa

Mphunzitsi mnzathu, m'magawo apitawa mwawerenga kuti ndondomeko ya maphunziro, imene enanu mumaitchula kuti kalikulamu, siikhala ya mtundu umodzi. Pali ija yolembedwa m'silabasi ndi m'malamulo a boma. Pali imene inu mumaphunzitsadi mukalowa m'kalasi, pali imene mayeso amafunsa, ndipo pali imene ana amapita nayo kwawo m'mitu mwawo. Palinso ina yobisika, imene palibe anailemba koma ana amaitola tsiku ndi tsiku poona mmene sukulu ikuyendera. Kuloweza mitundu imeneyi n'kosavuta, chovuta ndi kuizindikira pamene ikuchitika. Pa chifukwa chimenechi, m'gawo lino muwerenga moyo wa munthu wa ku Philippines amene anaphunzira pansi pa atsamunda, nadzudzula sukulu zawo, kenako n'kuyesa kuyendetsa sukulu yakeyake. Powerenga, khalani ndi pensulo pafupi, muzichonga paliponse pamene mwaona mtundu wina wa kalikulamu.

Ubwana wake

José Rizal anabadwa pa 19 Juni 1861 m'tauni ya Calamba, m'chigawo cha Laguna, pa chilumba cha Luzon. Nthawi imeneyo dziko la Philippines linali litakhala m'manja mwa Spain zaka pafupifupi 300. Makolo ake, a Francisco Mercado ndi a Teodora Alonso, anali alimi opezako bwino amene ankabwereka minda kwa ansembe a chipani cha Dominican. Iye anali wachisanu ndi chiwiri mwa ana 11. Mphunzitsi wake woyamba anali mayi ake, amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi kupemphera asanaponde pakhomo pa sukulu.

Ali ndi zaka ziwiri zokha, mu 1863, boma la Spain linakhazikitsa lamulo lalikulu la maphunziro m'dzikomo. Papepala linali lamulo labwino ndithu. Linkati tauni iliyonse ikhale ndi sukulu ya pulayimale ya anyamata ndi ina ya atsikana, ana osauka asamalipire, ndipo ku Manila kutsegulidwe sukulu yosula aphunzitsi aamuna. Ana anayenera kuphunzira katekisimu, kuwerenga, kulemba, masamu, jogalafe, ulimi, kuimba ndi Chisipanishi. Koma woyang'anira sukulu m'tauni iliyonse anali wansembe wa parishi, ndipo ansembe ambiri sankafuna kuti anthu wamba adziwe Chisipanishi, poti chinali chiyankhulo cha boma ndi cha makhoti. Sungani mfundoyi, tiipezanso kutsogoloku.

Atasinkhukirapo, Rizal anatumizidwa ku sukulu ya ku Biñan, kwa mphunzitsi Justiniano Aquino Cruz. Ankakhoza kuposa anzake, komabe m'zimene analemba pambuyo pake zokumbukira ubwana wake anafotokoza kuti masiku amene ankaweruka osakwapulidwa anali owerengeka. Tangoganizani, mwana woyamba m'kalasi. Nanga wotsiriza ankaona zotani?

Mu 1872 anayamba ku Ateneo Municipal, sukulu ya Ajezuwiti ku Manila. Chaka chimenecho chinali chowawa. Mu Febuluwale boma linapha ansembe atatu a Chifilipino, Gomez, Burgos ndi Zamora, powaganizira zoukira, ndipo Paciano, mkulu wake wa Rizal, anali wodziwana kwambiri ndi Bambo Burgos. N'chifukwa chake mnyamatayu analembetsa ndi dzina lakuti Rizal, osati Mercado, kuopa kuti angamuzonde. Mayi akenso nthawiyi anali m'ndende pa mlandu wowanamizira, ndipo anakhalamo zaka zoposa ziwiri.

Ku Ateneo kalasi iliyonse inkagawidwa pawiri: ogonera pasukulu ankatchedwa Aroma, oyendera ankatchedwa a ku Carthage, ndipo magulu awiriwa ankapikisana poyankha mafunso. Wokhoza kwambiri pagulu ankapatsidwa udindo wa mfumu yaikulu. Rizal anayambira kumchira chifukwa Chisipanishi chake chinali chopereŵera, koma posapita nthawi anafika pampando wa ufumuwo. Anamaliza mu 1877. Anaphunziranso ntchito yoyeza malo, kenako zaudokotala pa yunivesite ya Santo Tomas. Chimene chinamukokera ku udokotala wa maso n'chakuti mayi ake anayamba kuchita khungu.

Mu 1882 ananyamuka ulendo wa ku Spain. Anamaliza zaudokotala ku Madrid mu 1884, n'kukazamitsa za maso ku Paris ndi ku Heidelberg. Zaka za ku Ulayazi zili ndi nkhani zambiri, koma ife titolapo zokhudza ntchito yathu yokha.

Mphunzitsi wa m'buku lake

Mu 1887 anasindikiza ku Berlin buku la nthano yaitali lotchedwa Noli Me Tangere, ndipo mu 1891 lina lotsatira, El Filibusterismo, ku Ghent m'dziko la Belgium. Onse awiri anawalemba m'Chisipanishi. M'buku loyambalo muli mutu wathunthu wonena za mavuto a mphunzitsi wa m'tauni yaing'ono. Mphunzitsiyo ndi wongopeka, koma zimene akudandaula zinali zenizeni. Alibe nyumba yophunzitsiramo, ana amakhala kunsi kwa nyumba ya wansembe, ndipo akakweza mawu powerenga wansembe amakalipa. Ana amaloweza mabuku a Chisipanishi osamva ngakhale liwu limodzi. Mphunzitsi atayesa kuyankhula Chisipanishicho ndi wansembe, amamunyoza. Atasiya kukwapula, ana amayamba kubwera ambiri ndi kuphunzira momasuka, koma wansembe ndi makolo omwe amamukakamiza kubwezeretsa chikoti. Kukana sangathe, poti malipiro ake satuluka popanda siginecha ya wansembeyo.

Apa imani kaye. Lamulo la 1863 linalemba kuti ana aphunzire Chisipanishi. M'kalasi munkaphunzitsidwa kuloweza. Zipangizo ndi nyumba zothandizira phunzirolo panalibe. Ndiye chimene ana anapita nacho kwawo n'chiyani? Mwina mapemphero angapo oloweza, komanso phunziro lina limene silinalembedwe paliponse, lakuti mwana wa mbadwa malo ake ndi pansi, ndipo ngakhale mphunzitsi wake ndi munthu wokalipiridwa. Ulamuliro wa Spain pofika kumapeto, anthu odziwa Chisipanishi m'dzikomo anali ochepa kwambiri. Mwaona kuti lamulo labwino lingathe kufera m'manja mwa woyang'anira wa pafupi.

Si onse anangokhala chete. Mu Disembala 1888 atsikana pafupifupi 20 a m'tauni ya Malolos anapereka kalata kwa bwanamkubwa Valeriano Weyler yopempha chilolezo chotsegula sukulu yausiku kuti aphunzire Chisipanishi, ngakhale wansembe wa kumeneko ankakana. Rizal atamva, anawalembera kalata yaitali ya m'Chitagalog mu Febuluwale 1889 ali ku London, yowayamikira ndi kuwakumbutsa kuti mayi wosaphunzira sangalere mwana woganiza payekha. Musaganize kuti ankanyoza chiyankhulo cha makolo ake. Mu 1886 anamasulira m'Chitagalog nthano zingapo za Hans Christian Andersen kuti ana a abale ake aziwerenga, ndipo mu 1890 analemba nkhani yofuna kuphweketsa kalembedwe ka Chitagalog kuti ana asamavutike pophunzira kuwerenga.

Zaka zinayi ku Dapitan

Anabwerera ku Manila mu Juni 1892, ndipo pa 3 Julayi anayambitsa bungwe la La Liga Filipina. Patangopita masiku ochepa anamangidwa n'kupirikitsidwira ku Dapitan, tauni yakutali kumpoto kwa chilumba cha Mindanao. Anafika kumeneko pa 17 Julayi 1892. Sanamutsekere m'chitolokosi, koma sankaloledwa kuchoka, ndipo mkulu wa asilikali ankamuyang'anira.

Mwayi unamugwera m'chaka chomwecho. Tikiti ya lotale imene anagula pamodzi ndi anthu ena awiri, mmodzi mwa iwo mkulu wa asilikali uja, Ricardo Carnicero, inapambana mapeso 20,000, ndipo gawo lake linali mapeso 6,200. Zina mwa ndalamazi anagulira malo m'mphepete mwa nyanja pa Talisay, pafupi ndi Dapitan. Pamenepo anamanga nyumba za nsungwi ndi zofolera ndi masamba a kanjedza, chipatala chaching'ono, ndi sukulu.

Sukuluyi inayamba mu 1893 ndi anyamata atatu. Kenako anakwana 16, ndipo pambuyo pake anapitirira 20. Panalibe silabasi yochokera ku likulu, panalibenso woyendera sukulu womuuza chochita. Kalikulamu yonse inali m'mutu mwa mphunzitsi mmodzi, choncho zimene anasankha zikutiuza maganizo ake. Ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ndi jometri, jogalafe, mbiri yakale, za chilengedwe, chikhalidwe, Chisipanishi ndi Chingerezi. Chingerezicho n'chodabwitsa, chifukwa dzikolo linali la Spain ndipo Amereka anali asanabwere. Maphunziro a m'kalasi ankatenga pafupifupi maola awiri okha masana, kuyambira cha m'ma 2 koloko. Nthawi yotsalayo inali ya kumunda, ya zomangamanga, ndi ya masewera: kusambira, kupalasa bwato, kulimbana, ndi kuchinyana ndi ndodo.

Fizi panalibe. Ana ankalipira ndi manja awo, kulambula munda, kudzala ndi kusamalira mitengo ya zipatso, kututa miyala. Ndi anyamata omwewa anamanga damu laling'ono lotchinga madzi. Luso lija loyeza malo linagwira ntchito pamene anakonza njira yobweretsera madzi abwino kwa anthu. Kutsogolo kwa tchalitchi cha Dapitan, iye ndi mphunzitsi wake wakale wa ku Ateneo, Bambo Francisco de Paula Sánchez, anaumba mapu aakulu a Mindanao pansi ndi dothi, miyala ndi udzu, ndipo mapuwo alipo mpaka lero. Inu amene mumati simungaphunzitse jogalafe chifukwa sukulu ilibe mapu, mwamva?

Za chilengedwe sankaphunzira m'buku mokha. Ankapita ndi ana kutchire ndi kugombe kukatola nkhono, tizilombo, njoka ndi mbalame, zimene ankatumiza kwa akatswiri a ku Ulaya, makamaka ku Dresden, iwo n'kumamutumizira mabuku. Zamoyo zitatu mwa zimenezo, buluzi wouluka, chule ndi kachikumbu, akatswiri anazitcha dzina lake. Mwana amene wagwira chule n'kumva kuti anthu ophunzira a kutali sankamudziwa, amayamba kuona kwawo ndi maso ena.

Komabe tisamuyeretse mopitirira. Sukuluyi inali ya anyamata okhaokha, ngakhale mwini wake anali atalimbikitsa atsikana a ku Malolos. Anatengeranso mwambo wa ku Ateneo wokhazika wokhoza kwambiri kutsogolo monga mfumu, wotsalira n'kukhala kumapeto. Munthu amene anadana ndi chikoti anasunga mpikisano umene ungathe kuchititsa manyazi mwana wochedwa kumva. Nthawi zambiri timaphunzitsa mmene anatiphunzitsira, osazindikira n'komwe. Ndiponso ana 20 okhala pakhomo pa mphunzitsi usana ndi usiku si chimodzimodzi ndi ana 90 amene ena mwa inu mumakumana nawo m'mawa uliwonse. Zina zingatengeke, zina ayi.

Imfa yake

Rizal anapempha kukagwira ntchito yaudokotala ndi asilikali a Spain ku Cuba, ndipo ataloledwa anachoka ku Dapitan pa 31 Julayi 1896. Sukulu ija inathera pomwepo. Mu Ogasiti gulu la Katipunan, lotsogoleredwa ndi Andrés Bonifacio, linayamba nkhondo yofuna ufulu. Rizal anali atachenjeza nthumwi yawo kuti nthawi inali isanakwane, koma boma linamuona ngati gwero la zonse. Anamumanga ali m'sitima, n'kumubweza kuchokera ku Barcelona. Khoti la asilikali linamuweruza kuti aphedwe, ndipo anaomberedwa ku Bagumbayan, mu Manila, m'mawa wa pa 30 Disembala 1896. Anali ndi zaka 35.

Iye mwini asanduka phunziro

Patapita zaka 60, mu 1956, aphungu Claro M. Recto ndi José P. Laurel anatsogolera bilu yakuti moyo wa Rizal ndi mabuku ake aziphunzitsidwa m'sukulu zonse, za boma ndi zomwe si za boma. Akuluakulu a mpingo wa Katolika anatsutsa kwambiri, ponena kuti mabukuwo amanyoza ansembe ndi chikhulupiriro. Mkangano unatha pogwirizana kuti mabuku osachotsedwa kanthu aziwerengedwa m'makoleji, ndipo wophunzira amene chikhulupiriro chake sichimulola angapemphe molumbira kuti asawerenge. Lamuloli, Republic Act 1425, linasainidwa pa 12 Juni 1956.

Kusaina sikunali kumaliza. Mu 1994 Pulezidenti Fidel Ramos anachita kulamulanso akuluakulu a zamaphunziro kuti aonetsetse kuti lamuloli likutsatidwa mokwanira, patatha zaka 38 chikhazikitsireni. M'masukulu a sekondale mabuku awiri aja amawerengedwa m'phunziro la Chifilipino, atamasuliridwa kuchoka m'Chisipanishi, ndipo kawirikawiri atafupikitsidwa. Choncho mwana angathe kuloweza mayina a anthu a m'nthanoyo, kuphatikizapo mutu uja wodandaula za kuloweza, n'kukhoza mayeso.

Ntchito

Tengani sikimu yanu ya teremu ino ndipo musankhe mutu umodzi umene mwaphunzitsa kale. Lembani zimene silabasi inafuna, zimene munaphunzitsadi, ndi zimene munafunsa pa mayeso. Kenako funsani ana atatu, wokhoza, wapakati ndi wovutika, kuti akuuzeni m'chiyankhulo chawo zimene akukumbukira pa mutuwo. Pomaliza, yang'anani mmene ana amakhalira m'kalasi mwanu: ndani ali kutsogolo, ndani ali kumbuyo, ndipo anawaika pamenepo ndani? Mayankho anu muwatumize pamodzi ndi ntchito ya gawo lino.